Mudzi wa ndagi ndi chuma cha masiye

M'chipinda chodyera mukuyaka makandulo 10. Mphepo yalowa pawindo, yazimitsa awiri. Mwabweranso patapita kanthawi, mwapeza kuti kandulo ina yazimanso. Ndiye mwatseka windo, ndipo kuchokera apo palibenso kandulo imene yazima. Kodi pomaliza penipeni mutsala ndi makandulo angati?

Pafupifupi aliyense amene ndinamufunsa pano pabenchi yanga anathamangira kunena kuti 7. Mnyamata wina wa Fomu 4 anachita kupsa mtima nditamukanira, akuti ndikumuderera ndi samu ya ana a Sitandade 1. Koma yankho ndi 3. Makandulo 7 aja apitiriza kuyaka mpaka asungunuka onse, ndipo otsala ndi atatu omwe mphepo inazimitsa. Woyamba kulasa anali mayi wa paokala yoyandikana nane, amene amagulitsa mafuta ophikira, sopo ndi makandulo omwewo. Sanawerengetse n'komwe. Anangoti, "Achimwene, kandulo yoyaka usiku wonse m'mawa mumaipeza?"

Funsoli si langa ayi. Lili mu gemu yotchedwa Professor Layton and the Curious Village, ya pa Nintendo DS, kamakina kosewerera magemu kogwira m'manja. Ndi gemu yakale, inatuluka ku Japan mu 2007, ku America ndi ku Ulaya mu 2008, koma ine yandipeza posachedwapa, ndipo yandigwira mtima kuposa china chilichonse chimene ndinasewerapo pasikirini.

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni, pano paboma la Nkhotakota chakufupi ndi msika. Anthu ooda kaunjika nthawi zina amandibweretsera katoni ya zamagetsi zakufa kuti ndisankhemo zoti n'kuphwasula: marimoti, mafoni a mabatani, mahedifoni oduka. Mu katoni ina munali kabokosi koyera kopindika pakati, kothimbirira ndi litsiro la m'manja mwa eni ake akale. Kanali ka DS Lite, ndipo kakhadi ka gemu kanali kadakali m'kati. Batire inali itatupa. Ndinaikamo batire ya foni yaing'ono ya 3.7V, n'kuwotcherera nthambo ziwiri pamalo otchajira, popeza kamwa yake sigwirizana ndi tchaja ya foni iliyonse ngakhale kuti moto wake ndi wofanana ndi wa USB. Kanyali kobiriwira katayaka, masikirini onse awiri anawala, wam'mwamba ndi wam'munsi, opanda mng'alu ngakhale umodzi.

Makinawa Nintendo inawatulutsa mu 2004, a Lite opyapyalawa n'kubwera mu 2006, ndipo onse pamodzi anagulidwa oposa 154 miliyoni padziko lonse. Chimene chinandikopa monga wokonza mafoni ndi sikirini yam'munsiyo. Ndi yogwira, koma si yofanana ndi ya mafoni athu a lero. Ya foni imamva magetsi a m'khungu la chala, n'chifukwa chake imakana manja onyowa kapena kamtengo. Ya DS ili ndi timapepala tiwiri topyapyala tosanjikizana, ndipo imamva pokhapokha wadinikiza n'kutigunditsa. Choncho chilichonse chosongoka chimagwira ntchito. Kacholembera kake kapulasitiki kanali katasowa kalekale, ndiye ndinasema kansungwi, n'kukakwecha ndi sandipepa kuti nsonga yake isakande galasi. Kansungwi kameneko ndi kamene talembera mayankho onse, pakuti m'gemuyi nambala umailemba pamanja, makinawo n'kuiwerenga.

Nkhani yake ikuyamba ndi kalata. Munthu wina wachuma, Baron Augustus Reinhold, wamwalira m'mudzi wakutali wotchedwa St. Mystere. Mu wilo yake analemba kuti chuma chake chonse chipite kwa amene adzapeze chinthu chotchedwa Apozi Wagolide, chimene anachibisa penapake m'mudzimo. Palibe amene anachionapo, palibe akudziwa ngati ndi mwala wamtengo wapatali kapena chiyani. Mayi wamasiye, Lady Dahlia, akulembera Hershel Layton, pulofesa wa zofukulidwa zakale wa ku London, kuti adzathandize. Layton akubwera ndi kamnyamata kake komuphunzira, Luke, pa kagalimoto kofiira. Atangolowa, mlatho wokhawo wolowera m'mudzi ukutsekeka chifukwa wina waba chopukusira chake. Usiku kukumveka chiphokoso chochokera ku nsanja yaitali yokhotakhota imene anthu sakufuna n'kuitchula komwe. M'bale wina wa malemu, Simon, akupezeka ali kwala m'nyumba, pambali pake pali kagiya kakang'ono kachitsulo. Wantchito wina akusowa. Anthu akunong'onezana za nkhalamba imene imaba anthu usiku.

Koma chodabwitsa kwambiri m'mudzimu si imfa kapena kusowa kwa anthu. Ndi khalidwe la eni mudzi. Aliyense amene ungakumane naye, kaya wogulitsa nyama, kaya mayi wa nyumba ya alendo, kaya mlonda wa pamlatho, sakuuza kanthu usanamuyankhe ndagi. Ufunse njira, akuponyera funso. Ufunse ngati waona mphaka wa Lady Dahlia amene wathawa, akuti yamba wandithandiza ili. Poyamba ndinkaona ngati opanga gemu angosowa njira yolumikizira mafunso awo ndi nkhani. Ndinapirira chifukwa zojambula zake n'zokoma m'maso, mitundu yofiirira ngati pepala lakale, anthu a mphuno zikuluzikulu ndi ndevu zoseketsa, kanyimbo ka akodiyoni kakulira chapansipansi. Pambuyo pake m'pamene zinadzaoneka kuti khalidwe limeneli ndiye fupa la nkhani yonse.

Kaseweredwe kake n'kosavuta. Umagogoda pasikirini ndi kansungwi kuti uyende, ulankhule ndi munthu, kapena usuzumire m'migolo, m'mawindo ndi m'tchire momwe mumabisala timakobidi. Kakobidi kamodzi kamagula thandizo limodzi, ndipo funso lililonse lili ndi mathandizo atatu, lachitatu limangotsala pang'ono kukuuza yankho. Timakobidito n'towerengeka, ukatimwaza pa mafunso ofewa udzatisowa pa olimba. Funso lililonse lilinso ndi mapointi ake otchedwa picarats, ndipo ukalemba yankho lolakwika mapointiwo amatsika. Chimene mulibe ndi wotchi. Palibe chokuthamangitsa, palibe kufa n'kuyambiranso. Ukhoza kutseka kabokosiko funso lili pakati, kamagona tulo, iwe n'kukonza foni ya kasitomala uku mutu ukugaya, n'kudzatsegula madzulo n'kupeza funso likukudikira pomwe paja. Mafunso onse alipo 135, a m'nkhani 120 ndi ena 15 ovuta kwambiri amene amatseguka pambuyo.

Ndikuwatchula kuti ndagi chifukwa amandikumbutsa zija tinkachita kwa agogo usiku titatha kudya kondowole, wina n'kuti "Chilape!" tonse n'kuyankha "Nachize!" Mtima wake ndi womwewo, wofuna kumupinga mnzako koma mokondwa. Kusiyana kulipo kumodzi, ndipo n'kwakukulu. Chilape chambiri chimafuna kuti unachimvapo kale. Mlendo sangachilase ngakhale atakhala wanzeru bwanji. Ndagi za m'gemuyi yankho lake lili m'funso momwemo. Chilichonse chofunika wapatsidwa. Ukalephera, ndiye kuti pali mawu ena amene unawadumpha, kapena unaonjezeramo zako zimene funso silinanene.

N'chifukwa chake gemu yopangidwira munthu mmodzi inasanduka ya gulu. Magetsi akazima ntchito yanga imaima, poti chowotcherera sichitentha, koma DS ukaichepetsa kuwala imatha tsiku lonse osapempha tchaja, ndipo siifuna bandulo. Ndiye ndimawerenga funso m'Chingerezi, n'kulinena m'Chichewa mokweza, anthu n'kuunjikana: anyamata a kabaza odikira makasitomala, ana asukulu, mayi wa paokala uja, ndi amalume anga masiku amene mwera wakalipa panyanja moti mabwato onse akokeredwa kumtunda.

Lina limene linatisunga mpaka dzuwa kupendeka ndi la majagi atatu. Jagi ya malita 8 ndi yodzaza, ya malita 5 ndi ya malita 3 zilibe kanthu, ndipo zonse zilibe mizere yoyezera. Ugawe kuti jagi yaikulu mukhale 4, yapakati mukhalenso 4. Anyamata anayamba kukuwa kuti ungothira theka poyang'ana ndi maso. Mayi uja anakana. Iye ntchito yake tsiku lililonse ndi kutsanula mafuta kuchoka m'chigubu kupita m'timabotolo, ndipo akudziwa kuti diso limanama. Anatenga kansungwi m'manja mwanga. Anadzaza ya 5, m'yaikulu n'kutsala 3. Kuchoka m'ya 5 anadzaza ya 3, n'kutsala 2. Anabweza 3 uja m'yaikulu, n'kukhala 6. Apa anaima kanthawi, milomo ikuyenda yokha. Kenako anasamutsira 2 uja m'kajagi kakang'ono, n'kudzazanso ya 5, m'yaikulu n'kutsala 1. Kajagi kakang'ono kanali ndi malo a lita imodzi yokha, ndiye atathiramo, m'ya 5 munatsala 4. Atatu a m'kajagi anawabwezera kwa 1 uja. Inayi uku, inayi uko, kuthira maulendo 7 basi. Layton atawonekera pasikirini akuloza chala mokondwa, mayiyo anandibwezera kansungwi n'kubwerera kuokala kwake, poti kunali mwana akudikira ndi ndalama ya machesi.

La amalume linali la mimbulu itatu ndi anapiye atatu ofuna kuwoloka mtsinje. Chombo chimanyamula awiri okha, ndipo sichiyenda chopanda wokwera. Tsidya lililonse, mimbulu ikangochuluka kuposa anapiye, anapiye adyedwa. Amalume sagwira zamagetsi, amati zimawanyansa m'manja. Anatola zitsekerero zitatu za mabotolo ndi timiyala titatu, n'kujambula mzere pafumbi ndi chala. Kanthawi konse anyamata ankalephera pamalo amodzimodzi: mimbulu iwiri ili kale kutsidya, anapiye awiri awoloka, ndiye aliyense akufuna kubweza chinthu chimodzi chokha kuti asataye zimene wapindula. Ukabweza mmbulu, kukadya mwanapiye wotsala kuno. Ukabweza mwanapiye, mnzake wotsala kutsidya wadyedwa.

Amalume anayang'ana timiyala tawo nthawi yaitali, kenako anandikodola. "Mphwanga, tabwezani awiri. Mmbulu ndi mwanapiye, onse abwerere." Ndinati, "Amalume, si ndiye tabwerera m'mbuyo?" Iwo anati, "Bwezani muone." Ndinabweza. Anapiye awiri anawoloka, onse atatu n'kukhala kutsidya bwinobwino, mmbulu umene unali kumeneko n'kumapalasa wokha kukatenga anzake. Maulendo 11. Chinawasangalatsa amalume si kupambanako ayi, koma kumva kuti mafunso owolotsa zinthu pamtsinje ndi akale zedi, moti lina lofanana nalo, la mmbulu, mbuzi ndi kabichi, likupezeka m'zolemba zimene amati ndi za Alcuin, mphunzitsi wa ku York ku England, amene anakhalako zaka zoposa 1,200 zapitazo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti anthu a m'madzi n'chimodzimodzi kulikonse.

Mafunsowa sanangotoledwa mwachisawawa. Kampani imene inapanga gemuyi, Level-5 ya ku Fukuoka ku Japan, mkulu wake Akihiro Hino ali mwana ankakonda mabuku a ndagi otchedwa Atama no Taisou, kutanthauza mafizo a mutu, amene anayamba kutuluka mu 1966. Mlembi wake, Akira Tago, anali katswiri wa za maganizo a anthu amene ankaphunzitsa pa Chiba University. Hino atakula anakamupeza mkuluyu, ndipo Tago ndiye ankayang'anira ndagi za magemu a Layton. Anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 90. Ukadziwa kuti anali wa za maganizo osati wa masamu, umamvetsa chifukwa chake ndagi zabwino kwambiri m'gemuyi si zowerengetsa. Zimatchera msampha pamene munthu amakonda kuthamanga. Pali lina la mbewa imene imabereka ana 12 mwezi uliwonse, anawo n'kuyamba kubereka akatha miyezi iwiri; wagula kambewa kamodzi kongobadwa kumene, pakatha miyezi 10 ukhala ndi mbewa zingati? Ana asukulu anadzaza pepala lonse ndi manambala. Yankho ndi imodzi, chifukwa mbewa siibereka yokha. Lina ndi la kachilombo kamene kamagawikana pawiri mphindi iliyonse n'kudzaza botolo pa ola limodzi. Ukayamba ndi tiwiri, botolo lidzaza liti? Onse amati mphindi 30. Ndi 59, chifukwa wangodumpha mphindi yoyamba yokha.

Si zonse zimene ndinazikonda. Mafunso osuntha timabokosi kuti mpira utuluke achuluka, ndipo amenewo safuna kuganiza kwenikweni, amafuna kukankhakankha mpaka zitheke. Pagulu sasewereka n'komwe, anthu amabalalika mmodzimmodzi. Mafunso a tchesi oika mafumukazi pabolodi amangobwerezedwa, bolodi n'kumakula. Nthawi zinanso nkhani ikafika potentha, munthu wasowa, Layton ndi Luke akuthamanga, wina amakuimitsa kuti umuthandize kusuntha timitengo ta machesi, ndipo mtima umawawa ndithu. Komanso munthu wosadziwa bwino Chingerezi sangaisewere yekha, poti msampha umakhala m'kaliwu kamodzi.

Amene akufuna kudzaisewera yekha asiyire pompano, chifukwa kutsogoloku ndiulula zonse. Sindingathe kufotokoza chimene gemuyi yandichita popanda kuulula.

Anthu a ku St. Mystere si anthu. Pafupifupi onse ndi maloboti. Baron Reinhold anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Flora, amene mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Ataona kuti nayenso masiku ake atha, Baron anauza mmisiri wake Bruno kuti apange mudzi wonse wa anthu a makina oti azimusunga mwanayo, ndi kuyesa aliyense wobwera kudzafuna chuma. Nkhalamba yoba anthu usiku ija ndi Bruno yemweyo, akunyamula maloboti owonongeka kukawakonza. Simon sanaphedwe, anangofa makina, n'chifukwa chake panali kagiya. Lady Dahlia naye ndi loboti, anamupanga mofanana ndi mayi ake a Flora, koma mwanayo ankamuopa, poti nkhope inali ya mayi ake pamene munthuyo sanali iwo. Wapolisi amene ankafufuza mlandu anali wonamizira, Don Paolo, mdani wa Layton atadzisintha nkhope. Ndipo Apozi Wagolide si mwala, si ndalama. Ndi Flora mwiniwake, amene wakhala akudikira pamwamba pa nsanja ija.

Pamenepa ndinayamba ndatseka kabokosiko.

Bambo anga anamwalira ndili kupulayimale. Anali ndi boti la injini ndi chilimira, ndipo nyumba yathu inali ya malata. Tisanamete n'komwe, abale awo anali atagawana kale: uyu injini, uyu ukonde, wina boti. Ndimakumbukira bwino mmene ankazulira malata, misomali ikulira, mayi anga atakhala pansi pa mtengo wa mango atafunda chitenje kumutu, osayankhula kanthu. Pa msonkhano wonse umene unachitika pabwalo paja, anawerenga chilichonse mpaka mipando ndi wailesi, koma palibe amene anafunsa kuti ana atatuwa apita kuti, adya chiyani, fizi alipira ndani. Amene anatitenga ndi amalume omwewa a timiyala, amene panthawiyo anali ndi bwato limodzi lokumba ndi ana awo asanu. Sanalandirepo ngakhale nkhafi.

Masiku ano lamulo lilipo. Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011 imaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ndi lamulo labwino, linabwera mochedwa kwa ife koma ndimathokoza kuti lilipo, ndipo ndimauza makasitomala anga onse amene ali ndi kanthu kuti alembe wilo. Komabe lamulo limateteza katundu. Funso limene linkamusowetsa tulo Baron Reinhold ndi lina, ndipo ndi lomwe kholo lililonse lodwala limagona nalo: mwa onse amene adzabwere ndikadzapita, ndani akudzera mwana wanga, ndani akudzera injini?

Ndinalimbana nayo njira imene iye anasankha. Kutsekera mwana pamwamba pa nsanja, pakati pa zidole zoyenda, kudikira mlendo amene mwina sadzabwera, ndi nkhanza ngakhale itachokera m'chikondi. Ndipo kuyankha ndagi si umboni wa mtima wabwino. Don Paolo naye ndi wanzeru zoopsa, amapanga makina owuluka. Mwa amene anazula malata athu, wina anali wophunzira kuposa onse m'banjamo. Zikanakhala kuti mayeso a Baron athera pa ndagi, ndikanati gemuyi yanama.

Koma sathera pamenepo, ndipo apa m'pamene ndinaivulira chipewa. Ndagi zija ndi chipata choyamba chabe, chosefa anthu opupuluma ndi osamvetsera. Chipata chachiwiri n'chakuti Flora ali ndi kachizindikiro kobadwa nako chapakhosi, kooneka ngati apozi, kamene kamaoneka pokhapokha akaseka mochokera pansi pa mtima. Kachizindikiro kameneko ndiko kamalozera malo oyenera kugwira pa chithunzi chake chojambulidwa m'nyumba yaikulu, kuti chipinda cha chuma chitseguke. Ndiye kuti munthu akhoza kuyankha mafunso onse, kukwera nsanja yonse, kumupeza mwanayo, koma ngati sanamusangalatse, chuma sachiona. Bambo ameneyu anamangirira kiyi wa chuma chake ku chimwemwe cha mwana wake. Sindinaonepo wilo yanzeru chotere, ngakhale ili ya m'nthano.

Kenako pali chipata chachitatu. M'chipinda cha golide muja mukumveka mawu amene Baron anasiya, akuti chumacho chikangochotsedwa, maloboti onse a m'mudzi adzazima, chifukwa ntchito yawo idzakhala yatha. Layton, amene wavutika ulendo wonsewu ndipo mwa wilo chumacho n'chake, sakugwira kanthu. Akumusiyira Flora kuti anene yekha. Flora akuti chikhale pomwepo, anthu amene anamulera apitirize kukhala ndi moyo, ngakhale ndi a zitsulo. Akutuluka m'mudzimo ndi Layton ndi Luke wopanda kakobidi. Nditawafotokozera amalume mathero amenewa, anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Nanga mwanayo anamufunsa ngati akufuna kupita nawo?" Ndinawauza kuti anapita mwa kufuna kwake, ndipo anati basi zili bwino. Pamenepo ndimagwirizana nawo pang'ono chabe. Flora akuwonekera mochedwa kwambiri ndipo akuyankhula zochepa. Mwana amene nkhani yonse yazungulira pa iye anayenera kupatsidwa mpata wokulirapo woti timumve.

Ena andifunsa kuti angaipeze bwanji. Mu 2018 Level-5 inaitulutsanso pa mafoni a Android ndi iPhone, zojambula zake zitawalitsidwa, koma ndi yogula, si yaulere. Pa foni imasewereka, kungoti chala n'chonenepa poyerekeza ndi kacholembera, ndipo foni ikalira funso limadukiza. Ngati mwapeza DS pakaunjika, yambani mwayang'ana pachopindikira, chifukwa a Lite amakonda kung'aluka pamenepo, ndipo nthambo yopita kusikirini yam'mwamba imadutsa momwemo. Ikaduka ndi ntchito yaikulu. Yesani sikirini yam'munsi m'makona onse anayi ndi kamtengo kosasongoka kwambiri, ndipo ngati ikuphonya pang'ono musaitaye, muli malo oikonzera m'masetingi. Batire yotupa ichotseni tsiku lomwelo. Makhadi a DS alibe malire a dziko, la ku America limagwira m'makina a ku Ulaya. Zija zotsitsa funso latsopano mlungu uliwonse pa intaneti musavutike nazo, Nintendo inatseka zimenezo mu 2014.

Gemu yachiwiri yake, imene ku Ulaya imatchedwa Pandora's Box pamene ku America amati Diabolical Box, ndi ya bokosi limene amati aliyense wolitsegula amafa, ndipo mbali ina imachitikira m'sitima yapamtunda. Ndauza onse ooda katundu amene ndimadziwana nawo, a kuno ndi a ku Salima, kuti akaona kakhadi kotuwa kakang'ono ngati sitampa, kokhala ndi chithunzi cha bambo wa chipewa chachitali, asakaponye m'zinyalala. Ndigula, kapena ndiwakonzera foni ulere.